Asanayende, Ayambe Wakhala: Mbiri ya Mafizo a Odwala Sitiroko

Munthu akagwa ndi sitiroko m'midzi ya kwa Kaluluma, abale akangopeza mpata woyankhula ndi adokotala amafunsa chinthu chimodzi: "Kodi adzayendanso?" N'chapatali kumva wina akufunsa ngati wodwalayo adzatha kukhala tsonga payekha popanda kumutsamiritsa kukhoma. Komatu yankho la funso loyambalo lili m'kati mwa lachiwirili. Miyendo singanyamule munthu amene thunthu lake likungogwera kumbali, ndipo dzanja silingafike m'mbale ngati msana ndi m'chiuno sizikugwira. Nzeru imeneyi ikuoneka yapafupi, koma madokotala a dziko lonse adaizindikira mochedwa, ndipo kuno ku Malawi idafika mozungulira, itakwera pamsana pa matenda ena, a poliyo.

Nkhamenya, kwa Kaluluma komweko, ili kumpoto kwa boma la Kasungu, m'mbali mwa msewu wa M1, makilomita oposa 50 kuchokera paboma, munthu asanafike ku Jenda. Pamsika pake Chichewa ndi Chitumbuka zimalandirana m'kamwa mwa munthu mmodzi. Pali mishoni ya Akatolika ya mu dayosizi ya Mzuzu, chipatala cha mishoni, ndi sukulu ya sekondale ya atsikana imene idatchukitsa dzinali m'dziko lonse. Kuzungulira ponsepo ndi minda ya fodya ndi chimanga mpaka pothera maso. Kuchoka pano kukafika ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo ku Blantyre, kumene mafizo a dziko lino adazika mizu, ndi pafupifupi 500.

Matendawa si achilendo. Makolo athu ankawadziwa, ankati munthu wafa ziwalo kapena wafa mbali imodzi. Chimene chinkawazunguza mutu ndi kudzidzimutsa kwake. Malungo amayamba ndi kuphwanya m'thupi, chifuwa chachikulu chimawondetsa munthu pang'onopang'ono, koma apa mkulu amene dzulo lomweli amakweza mizere wadzuka pakamwa patakhota, mawu osamveka, mkono uli lende. Chotero ambiri ankati pali dzanja la munthu. Mpaka lero m'midzi mumamveka kuti wakutiwakuti wamenyedwa ndi hamala ya afiti usiku, ndipo agogo osalakwa akhala akupirikitsidwa pamudzi pa mlandu wa mtsempha umene udaphulika wokha m'mutu mwa mnansi wawo, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Chithandizo chinkalunjika pamene diso likuona vuto. Sing'anga ankatema mphini pamkono ndi pamwendo wakufawo n'kupakamo mankhwala. Amayi ankawiritsa masamba n'kumathowa, kenako n'kusisita ndi mafuta a nsatsi. Sindinyoza zonsezi. Kusisita kunkathandiza kuti mfundo zisaume msanga, ndiponso wodwala ankakhudzidwa ndi dzanja la munthu womukonda m'mawa ndi madzulo, chinthu chimene zipatala zodzaza za lero sizikwanitsa. Koma madzi othowera ankawotcha khungu limene silikumva kutentha, ndipo vuto lalikulu lidali m'chikondi chenichenicho. Wodwala ankagonekedwa pamphasa m'nyumba n'kumamuchitira chilichonse, poti kumudzutsa mkulu wodwala kuti alimbane ndi thupi lake kunkaoneka ngati nkhanza. Pakatha masabata angapo ali chigonere, minofu ya msana ndi ya m'mimba, imene sitiroko idangoifooketsa, inkatheratu chifukwa chosagwira ntchito. Kenako zilonda za pamsana ndi m'matako, kenako chibayo chobwera chifukwa chomwetsedwa phala chogona n'kutsamwa nalo. Ambiri amene adapulumuka masiku oyamba ankadzapita ndi zimenezi.

Kubwera kwa zipatala sikudasinthe zinthu msanga. Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia adakhazikika ku Kasungu mu 1900, ndipo mu 1902 Donald Fraser adatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni, kumpoto kwa Nkhamenya, kumene kudadzakhalanso chipatala. Nkhondo ya amishoniwa idali ya malungo, zilonda zosapola, khate, nthomba ndi kaodzera wa ntchentche za kashembe. Wofa ziwalo akafika, adokotala adalibe chomupatsa choposa pogona, ndipo kwawo ku Scotland akadamupatsa chomwecho. Gwero la matendawa a ku Ulaya adali atalidziwa kalekale. Mu 1658 dokotala wa ku Switzerland, Johann Jakob Wepfer, atafufuza m'mitembo ya anthu ofa motere, adaonetsa kuti vuto lili m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo, kuti ina imaphulika, ina imatsekeka. Koma padapita zaka pafupifupi 300 anthu akudziwa gwero osadziwa chochita. Malangizo ambiri adali akuti wodwala apume, ndipo akadzuka aphunzire kudalira mbali yamoyo, yakufayo aiiwale.

Amene adakana kuiiwala adali mayi wina wothawa nkhanza za Hitler. Berta Bobath, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi wa ku Berlin, adafika ku London mu 1938. M'zaka za m'ma 1940 adapatsidwa wodwala sitiroko amene mkono wake udali utauma gwa, ndipo adaona chinthu chimene mabuku sadalembe: kuuma kwa dzanja kunkasintha malinga ndi m'mene waikira phewa, chiuno ndi thunthu la wodwalayo. Iye ndi mwamuna wake Karel, amene adali dokotala, adamanga njira yonse ya mafizo pa mfundo imeneyi, ndipo buku lake lonena za odwala akuluakulu lidatuluka mu 1970. Zina mwa zimene awiriwa ankafotokoza za kagwiridwe ntchito ka ubongo zidadzapezeka kuti sizili choncho, ndipo kafukufuku sadaonetse kuti njira yawo imaposa njira zina. Koma chimodzi sichingafafanizike. Adachotsa maso a anthu pazala ndi paphazi n'kuwaika pakati pa thupi.

Mlimi wa ku Nkhamenya sangavutike kumva mfundoyi. Chigafa chikapendama palibe amene amayamba ndi kukonza mikangala kapena udzu wa padenga. Amayamba walimbitsa mizati, pakuti zonsezo zapachikika pamenepo. Mizati ya munthu ndi minofu ya m'mimba yosanjikizana, ina yotsika, ina yopingasa, ina yozungulira mimba yonse. Timinofu togwira mafupa a msana limodzilimodzi. Minofu ya pansi pa chiuno. Ndi mnofu wopumira umene uli kunsi kwa mapapo. Mkono wamanja umalamulidwa makamaka ndi mbali yamanzere ya ubongo, choncho ukafa umaonekeratu. Minofu ya thunthu imalandira uthenga kuchokera mbali zonse ziwiri za ubongo, ndiye siifa kotheratu, imangofooka ndi kuchedwa kuyankha, kumanja ndi kumanzere komwe. N'chifukwa chake vuto lake lidabisala zaka zambiri chotero, ndipo n'chifukwa chakenso imakhala ndi poyambira ikapeza woiphunzitsa.

Chaka cha 1990 chidabweretsa zinthu ziwiri. Patricia Davies, katswiri wa mafizo amene ankagwira ntchito ku Switzerland, adatulutsa buku lotchedwa Right in the Middle, lonena za thunthu la wodwala sitiroko kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ku Oxford, Collin ndi Wade adasindikiza muyeso wachidule woti ungachitikire pabedi lililonse: kodi wodwala angatembenukire kumbali yofooka, angatembenukire kumbali yamphamvu, angadzuke kuchoka chogona n'kukhala, ndipo angakhale m'mphepete mwa bedi masekondi 30 mapazi ali lende osagwa? Zinayi basi, koma zidapezeka kuti amene akuzitha m'masabata oyamba ndi amene kawirikawiri amadzayenda. Mu 1996 Paul Hodges ndi Carolyn Richardson a ku Queensland, pofufuza za kupweteka kwa msana, adaonetsa kuti munthu wabwinobwino asanakweze mkono, mnofu wakuya wa m'mimba umakhala utayamba kale kukunga, mwiniwake osadziwa. Chaka chotsatira ku Sydney, Catherine Dean ndi Roberta Shepherd adakhazika odwala sitiroko pampando n'kumawauza kuti atole zinthu zoikidwa patali kuposa pofika mkono. Patatha masabata awiri odwalawo ankafika patali ndiponso mofulumira, mwendo wofooka udayamba kulandira kulemera kwa thupi pokhala ndi poimirira, ngakhale kuyenda kwenikweniko sikudasinthe. Pofika 2004 Geert Verheyden ndi anzake ku Leuven, m'dziko la Belgium, adali atakonza muyeso wa mapointi 23 woona thunthu lokha, umene a mafizo akuugwiritsabe ntchito.

Pamene zonsezi zinkachitika, Malawi adali pa nkhondo ina. Poliyo ankapundula ana m'midzi, ndipo amene adakula zaka zimenezo akukumbukira anzawo okwawa ndi manja popita kusukulu. Mu 1971 boma lidakhazikitsa lamulo la anthu aulumali limene lidabala bungwe la MACOHA, ndipo mu 1979 kudabadwa bungwe la Malawi Against Polio, limene aliyense amangoliti MAP. Kuchokera ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Rumphi, galimoto za MAP zinkafika pa zipatala za m'maboma pa tsiku loikika, n'kupeza makolo atabereka ana akudikira. Anawo ankayezedwa, kupangiridwa zitsulo zolimbitsa miyendo, nsapato zamatabwa, ndodo ndi njinga za mateyala atatu zopalasa ndi manja, ndipo ofunika opaleshoni ankalembedwa mayina. Mu 1985 dokotala wa mafupa wa ku Canada, Ed Blair, adayambitsa maphunziro a makiliniko ofesala a mafupa, amene mpaka lero ndiwo amalumikiza mafupa a Amalawi ambiri m'maboma. Ntchito imeneyi idaimiritsa ana ochuluka, ndipo ndiyo idaphunzitsa dziko lino kuti ulumali uli ndi chithandizo.

Koma dongosolo lobadwira poliyo lidatengera poliyo yemweyo. Mwana wa poliyo ubongo wake uli bwinobwino. Akangopatsidwa chitsulo ndi ndodo amadziphunzitsa yekha kuyenda, ndipo amafunika kuonedwanso chitsulocho chikamuchepera kapena chikathyoka. Ulendo umodzi pamwezi ndi wokwana. Kwa wodwala sitiroko chimene chawonongeka ndi cholamulacho, ndipo ubongo umatsegula njira zatsopano pokhapokha chinthu chikabwerezedwa kambirimbiri tsiku ndi tsiku, makamaka m'miyezi itatu yoyamba. Galimoto ya pamwezi ikamadzabweranso, gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yabwinoyo lapita. Ndipo palibe mmisiri amene angasule chitsulo chophunzitsa munthu kutembenuka, kukhala tsonga, kapena kusamutsa thupi kuchoka thako lina kupita lina.

Chaka cha 1992 ndi pamene njira ziwirizi zidakumana. Ndi chaka chimene Malawi adaona komaliza mwana wogwidwa ndi poliyo woyenda yekha m'chilengedwe, kufikira pamene adalengezanso za mwana mmodzi ku Lilongwe mu Febuluwale 2022. Ndi chaka chomwechonso chimene MAP idatsegula Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth chimene ambiri amachiti Gulupu, malo a mabedi 40 ogonera. Mabediwo adadzaza ndi anthu ena: othyoka msana pangozi, a TB ya msana, ndi a sitiroko. Bungwelo lidasintha dzina n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities, malembo atatu aja osasintha. Pa Kachere wodwala ankakhala masabata angapo motsatizana akuphunzira kutembenuka, kudzuka ndi kukhala, gadiyani ali pambali kuphunzira nawo. Pomwepanso, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, padayamba sukulu ya dipuloma ya akatswiri othandizira mafizo. Koma mabedi 40 ndi ochepa pa dziko lonse, ndipo kwa wa ku Nkhamenya ali kutsidya kwa makilomita 500 aja.

Tibwerere ku Kasungu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidadzaza derali ndi maesiteti a fodya, a kampani ya Press, a bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi a anthu a maudindo. Mabanja ambiri adachoka kummwera kudzakhala matenanti. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale, ndipo zigafa zidamera pakhomo ndi pakhomo. Mbiri imeneyi ili ndi mbali yake pa nkhani ya sitiroko. Tenanti wochokera ku Mulanje kapena ku Machinga akagwa alibe mbumba pafupi yoti izisinthana pomudwazika. Watsala ndi mkazi wake yekha, amenenso ngongole ya kwa bwana ikumudikira kumunda. Ngakhale kwa eni nthaka, fodya sapereka tchuti. Nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo kuyambira Sepitembala, kuwokera kumathamangitsana ndi mvula yoyamba, kenako kuthyola, kusoka, kupachika, kusankha ndi kudinda mabelo mpaka msika wa ku Chinkhoma utsegulidwe. Bambo akagwa mu Januwale, miyezi itatu yofunikitsitsa ija imagwera m'nyengo imene manja onse ali kumunda, m'nkhokwe mwatha, ndipo ndalama ya kabaza kapena ya ngolo yopitira ku mafizo idakali m'masamba amene sadaume. Wodwala amasiyidwa m'nyumba m'mamawa, kapu ya madzi ili pambali, mpaka dzuwa litapendeka. Sindikuwaweruza mabanjawa. Akasiya munda, chaka chamawa onse agona ndi njala.

Ogwa nawonso akuchuluka. Kafukufuku wa m'dziko lonse wa 2009, amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO, adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankadziwa kapena sankamwa mankhwala. Bambo mmodzi mwa anayi ankasuta, ndipo kuno chingambwe sachita kugula. Pamwamba pake padabwera HIV. Ku Gulupu, kafukufuku wa Dr Laura Benjamin ndi anzake amene adatuluka mu 2016, woyerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu 503 osadwala, adapeza kuti BP ndiyo idali kumbuyo kwa pafupifupi theka la sitiroko zonse, ndipo HIV idali yotsatira, makamaka mwa achinyamata ndi mwa amene angoyamba ma ARV chitetezo chitatsika kale. Mlandu suli pa mankhwalawo, uli pa kuwayamba mochedwa. Ma ARV aulere, amene adayamba mu 2004, adatalikitsa moyo wa Amalawi, ndipo ambiri tsopano akufika pa msinkhu umene sitiroko imakonda. Pamphasa lero sipagona agogo okha. Pagonanso bambo wa zaka 40 amene ana ake adakali kupulaimale.

Digiri ya mafizo idayamba ku College of Medicine mu 2010. Kufikira nthawi imeneyo ofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja, ndipo dziko lonse lidali ndi akatswiri osakwana 50, ambiri a iwo ali m'mizinda. Lero maphunzirowa ali pansi pa yunivesite ya KUHeS, omaliza akupezeka m'zipatala za m'maboma, ndipo ku Gulupu kudatsegulidwa wodi yapadera ya odwala sitiroko. Kumeneku ndi kupita patsogolo kwenikweni. Komabe njira ya wodwala wa kumudzi idakali yomweija: masiku ochepa m'wodi, BP itsike, aonedwe ngati akumeza, mwina akumane ndi a mafizo pang'ono, kenako kwawo. Kuyambira pamenepo wa mafizo wake ndi gadiyani, nthawi zambiri mayi, mwana wamkazi, kapena mdzukulu amene wajombetsedwa kusukulu.

Zimene gadiyaniyo ayenera kupita nazo kumudzi sizifuna makina. Wodwala atagona chagada, mawondo atapinda, mapazi ataponda pansi, amagwetsa mawondo onse awiri kumanja kenako kumanzere, mapewa osanyamuka. Akatero amakweza chiuno m'mwamba, kudikira pang'ono, n'kutsitsa mosafulumira, wothandiza atagwira bondo lofookalo kuti lisagwere kunja. Amene wadziwa chimenechi wapeputsa kale ntchito yomuveka ndi yomusinthira zogonera. Amaphunzira kutembenuka, kudzuka kudzera chammbali, ndi kukhala pa benchi lolimba mapazi onse ali pansi. Atakhala amawongola msana n'kuumasula, amasamutsira thupi ku thako lofooka limene amaliopa, amatambasula dzanja kutola kapu imene yaikidwa patali pang'ono ndi pofika, kutsogolo, kumbali, pansi, tsiku lililonse kuisunthirako. Pomalizira ndi kuweramira kutsogolo, kukankha pansi ndi mapazi onse awiri n'kuimirira. Azipuma bwinobwino pochita zonsezi, osagwira mpweya, pakuti kudzikunga kumakweza BP. Kangapo patsiku kwa mphindi zochepa kumaposa kamodzi kotopetsa. Ndipo pomudzutsa asamukoke mkono wakufawo. Phewa lake lilibe choligwira, limaguluka, ndipo ululu wake watayitsa anthu ambiri mtima wa mafizo.

Mabuku a ku Ulaya amayambira pa bedi, mpando wa manja ndi chimbudzi chokhalira. Kwathu ambiri amagona pansi, ndipo kudzuka kuchoka pansi n'kovuta kuposa kutsika pabedi. Chimbudzi n'chokumba, chofuna kunjuta, chimene chimafuna thunthu ndi miyendo yolimba kuposa kuyenda kumene. Apa kalipentala wa pamsika amakhala wofunika: mpando wamatabwa wobooledwa pakati, benchi la msinkhu wa mawondo, mitengo iwiri yozikidwa pabwalo yogwirira. Palinso nkhani ya mwambo imene sitiitchula mokwanira. Mafizo a thunthu amafuna manja a wothandiza m'chiuno ndi pamimba pa wodwala, malo amene mwana wamkazi sagwira bambo ake, ndipo mkamwini sangayerekeze n'komwe pa apongozi. Mabanja ena amangodumpha gawo limeneli mwakachetechete n'kumasisita mkono ndi mwendo monga ankachitira makolo, ndipo akafunsidwa kuchipatala amati mafizo akuchita. Chitenje chopindidwa n'kumangidwa m'chiuno mwa wodwala chimathetsa zambiri, chifukwa wothandiza amagwira nsaluyo, ulemu osawonongeka. "Ababa, tsamirani kuno, ndakugwirani." Mawu otere, akachokera kwa munthu amene wodwala amamukhulupirira, ndi amene amamusuntha, poti amene adagwapo kamodzi mbali yofookayo amaiopa kwambiri.

Tinene chilungamo pa mphamvu ya mafizowa, pakuti ogulitsa chiyembekezo ndi ambiri. Mu 2023 bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa zofufuza 68 zokhudza odwala 2,585, ndipo lidapeza kuti kuphunzitsa thunthu kukuoneka kuti kumathandiza kukhala, kuima ndi kuyenda, koma lidachenjeza kuti zambiri mwa zofufuzazo zidali zazing'ono ndipo umboni wake sunalimbe. Kafukufuku wamkulu wa AVERT wa 2015, wa odwala oposa 2,000, adaonetsa kuti kudzutsa wodwala mwamphamvu m'maola 24 oyamba kumachepetsa mwayi wochira bwino, choncho tsiku loyambira alinene ndi achipatala. Wondikhudza kwambiri ine ndi wa ku India wa 2017, wotchedwa ATTEND. Mwa odwala 1,250, theka abale awo adaphunzitsidwa mafizo m'chipatala ndi kuyenderedwa kangapo kunyumba, koma patatha miyezi 6 sipadaoneke kusiyana ndi enawo. Zimenezi n'zowawa kwa ife amene tasenzetsa magadiyani katundu yense. Kumuonetsa mayi zochita ziwiri zitatu pa tsiku lotuluka n'kumuuza kuti akapitirize kunyumba sikukwanira, ndipo dziko lisamadzitonthoze kuti lathandiza. Pamafunika munthu wodziwa, woona kuti wodwalayu lero wakonzeka kuchoka pa benchi, kapena kuti akuzemba ntchito podalira mbali yamphamvu, n'kumasintha zochita sabata ndi sabata.

Munthu ameneyo dziko lino likumuphunzitsa kale, ndipo ena mwa omaliza maphunzirowo amakhala nthawi yaitali akudikira kulembedwa ntchito. Boma la Kasungu lidali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo mafizo a paboma pokha sangafikire wa ku Chatoloma, wa ku Nkhamenya kapena wa kumalire a Zambia. Unduna wa Zaumoyo, khonsolo ya Kasungu ndi bungwe la zipatala za mishoni la CHAM aike wa mafizo wokhazikika m'chipatala chilichonse cha kumudzi chimene chimagoneka odwala, amupatse njinga yamoto, ndipo alangizi a zaumoyo, amene amadziwa kale khomo lililonse, azimuuza sabata yomweyo wodwala akabwerera kwawo. Makalabu a fodya amakumana pafupipafupi pa za feteleza ndi ngongole. Kamakina koyezera BP sikafika mtengo wa thumba limodzi la feteleza, ndipo kakhoza kumazungulira pa msonkhano uliwonse.

Inu owerenga, mukaona pakamwa pa mnzanu pakhota, mkono wagwa kapena mawu asokonekera, musadikire kuti kuche ndipo musayambire kwa sing'anga. Musamumwetse kalikonse, ngakhale asipirini, chifukwa ngati mtsempha waphulika mankhwalawo awonjezera kukha kwa magazi. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musatuluke naye m'wodi musanaonane ndi a mafizo ndi kupatsidwa tsiku lodzabweranso.